ZA KU MIGODI: Alendo Adzaza mu Kafue, Nsomba za Makolo Zikusowa

Masiku ano mnyamata wa ku Kitwe kapena wa ku Ndola akhoza kuwedza nsomba tsiku lathunthu osanyowa ngakhale phazi. Pa mafoni a m'manja ndi pa makompyuta pali masewera a usodzi ocitikira pa intaneti, momwe wosewera amaponya mbedza ndi cala, nadikira, nakoka. Eni masewerawo amaonjezamo nsomba zatsopano nthawi ndi nthawi, zina zosowa kwambiri kotero kuti wozigwira amachuka pakati pa anzake. M'masewera ena muli ngakhale mphika wosakaniziramo masamba ndi mizu, kuti wosewera apange mankhwala omuonjezera mwai. Nyanja ya m'foniyo siuma, ndipo nsomba yosowa ikagwidwa lero, mawa pamalo pake pamakhala ina.

Koma kufupi ndi nyumba za anyamata omwewo kuli mtsinje weniweni wa Kafue, kumene nkhani ziwirizi, ya nsomba zatsopano ndi ya mankhwala, si masewera ai. Asodzi a mu Kafue akuvuula zamoyo zimene makolo ao sanazionepo, pamene nsomba zimene zinalera mibadwo yambiri zikunka zicepa. Gwero la zonsezi ndi dzanja la munthu: zamoyo zimene iye walowetsa m'madzi, ndi zakupha zimene wathiramo. Awerengi ambiri a nyuzi ino ali ndi ana ndi abale ku Migodi amene amamwa madzi a mtsinjewu ndi kudya ndiwo zake, motero nkhaniyi ndi yao.

MTSINJE NDI ENI AKE

Kafue ndiye mtsinje wautali kuposa yonse imene imayambira ndi kuthera m'Zambia. Gwero lake lili kufupi ndi malire a dziko la Congo, ndipo madzi ake amayenda makilomita oposa 1,500 asanathire mu Zambezi kufupi ndi Chirundu. Akadali wamng'ono amadutsa pakati pa migodi, pafupi ndi Chililabombwe, Chingola ndi Kitwe. Pambuyo pake amalambalala dambo la Lukanga, nalowa m'nkhalango ya nyama ndi m'damu la Itezhi-Tezhi, nayala madzi ake m'cigwa cacikulu ca Kafue Flats, ca ku Namwala ndi Mazabuka. Mzinda wa Ndola suli m'mbali mwa Kafue, koma mtsinje wake wa Kafubu, umene umadutsa m'dambo la Itawa, madzi ake amakathera mu Kafue momwemo. Cotero Kitwe ndi Ndola, maboma amene lililonse linali ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera wa 2022, amadya m'mbale imodzi.

Eni mtsinjewu ndi nsomba za mtundu wa cambo, zimene m'misika ya m'Zambia zimachedwa bream. Yoyamba ndi ya madontho atatu akuda m'nthiti ndi zipsepse zofiira m'mphepete, imene Alozi amati njinji ndipo akatswiri amati Oreochromis andersonii. Yaciwiri ndi ya mutu wobiriwira. Yacitatu ndi ya cifuwa cofiira, imene Abemba amati mpende, yokonda kudya udzu wa m'madzi. Pamodzi ndi izi muli milamba ndi tinsomba tina tambiri. Nsomba ya mano akuthwa ija ya mu Zambezi ndi mu Luangwa, imene Angerezi amaicha tigerfish, kumtunda kwa Kafue kulibe, cifukwa mathithi a ku Kafue Gorge anaitsekera njira. Mpanda wa mathithiwo unasunga nsomba za mu Kafue pazokha kwa zaka zosawerengeka, kufikira munthu ataulumpha ndi galimoto ndi ndowa.

Nsombazi zimaswana m'nyengo ya mvula, pamene madzi asefukira m'maudzu a m'mbali mwa mtsinje. Njinji yamphongo imakumba cisa pansi pa madzi osaya, ndipo yaikazi imatola mazira niwasunga m'kamwa kufikira ataswa, tiana titalimba. Msodzi wogwira njinji yaikazi mu January sagwira nsomba imodzi, koma mazana.

MLENDO WOYAMBA

M'zaka za m'ma 1980 m'dziko muno munafika nsomba ya mtundu wa cambo yocokera ku mtsinje wa Nile, imene alimi a nsomba amaicha Nile tilapia. Oibweretsa anali ndi colinga cabwino, pakuti nsombayi imakula msanga m'maiwe okumba ndipo siivuta kudyetsa. Ina inaikidwa m'maiwe a m'dera la Mazabuka, m'mphepete mwa Kafue Flats. Inathawira mumtsinje, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 inayamba kuoneka m'maukonde a asodzi. Woifuna kuizindikira ayang'ane kumcira: ili ndi mizere yopingasa yooneka bwino, imene njinji ilibe.

Mumphika nsombayi ilibe mlandu. Ndiyo imene yakweza ulimi wa nsomba m'Zambia, makamaka m'zikwere za pamadzi ku Siavonga, ndipo mabanja ambiri a m'mizinda amadya nsomba yaiwisi cifukwa ca iyo. Mlandu wake uli mumtsinje. Imalanda eni dera cakudya ndi malo oikira mazira, ndipo coipa koposa, imaswana nazo. Kafukufuku wa akatswiri wofalitsidwa mu 2014 anapeza mu Kafue nsomba zosakanizika magazi a Nile tilapia ndi a nsomba za komweko. Ana otere nawonso amabala, kotero kuti mbadwo uliwonse njinji yeniyeni imasungunuka pang'ono, monga mcere m'madzi. Bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi pa dziko lonse, linaikamo njinji pamodzi ndi cambo ca mutu wobiriwira.

Nkhaniyi si ya ku Mazabuka kokha. M'mafamu ozungulira Kitwe, Ndola ndi Luanshya muli maiwe ambiri a nsomba, ndipo dziwe lililonse la Nile tilapia lokumbidwa m'mbali mwa mfuleni ndi khomo lotseguka. Mvula ya usiku umodzi ikagumula khoma, nsomba zimanka kumtsinje, ndipo palibe ukonde umene ungazibweze.

MLENDO WACIWIRI

Mlendo waciwiri sali nsomba konse. Ndi nkhanu ya mcira wautali imene Angerezi amaicha crayfish, ndipo akatswiri amati Cherax quadricarinatus. Kwao ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Yamphongo imadziwika ndi banga lofiira pa zala zake zazikulu zopanira. Iyonso inabwera kuti iwetedwe, koma kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 inayamba kupezeka mu Kafue ndi m'nyanja ya Kariba, ndipo patapita zaka khumi ndi zina inaonekanso m'cigwa ca Barotse. Yaikazi imanyamula mazira mazanamazana kunsi kwa mcira, imadya ciliconse, camoyo ndi cakufa, ndipo pansi pakanyowa ikhoza kuyenda pamtunda kucoka m'dziwe lina kunka m'lina.

Asodzi a machera ndiwo alawa ukali wake. Iwo amachera madzulo ndi kuonjola m'mawa, ndipo usiku wonse nsomba yokodwa ilibe pothawira. Nkhanuzi zimafika nizidya mimba ndi maso, kotero kuti kukaca msodzi amapeza nsomba zosagulitsika. Zina zimakodwa zokha mu ukonde, ndipo pozicotsa ulusi umaduka. Mahotela ndi alendo ocokera ku maiko a ku Asia amazigula, ndipo ena apezapo kandalama, koma anthu ambiri a m'mbali mwa mtsinje sanazolowere kuzidya. Akale anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mlendo uyu wakana mwambiwo, pakuti kulikonse kumene wakhazikika mumtsinje waukulu palibe amene anatha kumcotsa.

Wina angafunse za kapenta, amenenso ndi mlendo. Zoona, kapenta anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika naikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo lero ndiye ndiwo ya anthu osawerengeka. Koma kapentayo anaikidwa ndi akatswiri ataganizira, m'nyanja yatsopano yopangidwa ndi anthu, imene madzi ake akuya a pakati analibe nsomba yowadyera. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Mlendo woitanidwa amapatsidwa pogona, koma wolowera pa zenera amagona pa mphasa ya mwini nyumba.

MANKHWALA A MITUNDU ITATU

Mau akuti mankhwala a nsomba amanena zinthu zitatu zosiyana. Coyamba ndi mankhwala a mwai. Kuyambira kale asodzi ena amatsirika bwato, ukonde kapena mono ndi mizu imene anapatsidwa ndi akulu, pokhulupirira kuti nsomba zidzabwera. Ena amakhulupirira zimenezi, ena amaziseka, koma mtsinje sudandaula nazo, pakuti sizipha kanthu.

Caciwiri ndi mankhwala othira m'madzi, amene ambiri amati katupe. Wodziwika kwambiri ndi citsamba ca ombwe, cimene Abemba amati ububa ndipo akatswiri amati Tephrosia vogelii. Masamba ake amasinjidwa nathiridwa m'dziwe. Ululu wa m'masambawo, wa mtundu wa rotenone, umalowa m'thupi la nsomba kupyolera m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu, nuletsa thupi kugwiritsa nchito mpweya. Nsomba zimayandama zili wefuwefu, anthu nangozitola ndi manja. Citsamba comweco kumunda ndi bwenzi la mlimi: cimabwezera nthaka conde ndipo madzi ake amapha nkhupakupa ndi nsabwe za mbeu, ndiye cifukwa cake m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Msekera, ku Chipata, analimbikitsa alimi kucibzala m'minda yogonera. Koma m'madzi cilibe maso. Cimapha nsomba yaikulu ndi kamwana komwe, pamodzi ndi tizilombo timene nsomba zimadya.

Makolo m'madera ambiri ankacita usodzi umenewu m'cilimwe, m'maiwe oduka amene akanauma ndithu, mudzi wonse pamodzi, mfumu itavomereza. Anthu anali ocepa, maiwe anali ambiri, ndipo ululu wa masamba umatha mphamvu pa dzuwa m'masiku owerengeka. Lero zinthu zasintha. Amene amathira mankhwala amatero mobisa, nthawi iliyonse, ndipo ena asiya masamba natenga mankhwala a m'botolo opopera mbeu, amene sakutha msanga ndipo amatsala m'nyama ya nsomba. Nsomba yotero ikaumitsidwa ndi kufika pa thebulo ku Chisokone mu Kitwe kapena ku Masala mu Ndola, mai wogula ndiwo alibe njira yoisiyanitsira ndi inzake.

Lamulo la za Nsomba, nambala 22 la caka ca 2011, limaletsa kupha nsomba ndi ululu, ndi mabomba, kapena ndi magetsi. Maukonde a maso ang'onoang'ono ndi oletsedwanso, ndipo ukonde wa udzudzu, umene unaperekedwa kuti uteteze ana ku malungo, ukakokedwa m'madzi umasesa ngakhale mazira. Kuonjezera apo, caka ndi caka kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February usodzi umatsekedwa mu Kafue ndi m'madzi ena ambiri, kuti nsomba ziswane mwamtendere. M'miyezi imeneyo wogulitsa nsomba ayenera kukhala ndi kalata yosonyeza kumene zacokera.

Cacitatu ndi mankhwala amene sasinjidwa mumtondo, ndiwo a m'migodi. Pa 18 February 2025 khoma la damu losungiramo zinyalala za kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Kampaniyo imasungunula kopa m'miyala ndi asidi, ndipo zotsala zake, madzi a asidi osakanizika ndi zitsulo, zinatsikira mu Mwambashi ndi kulowa mu Kafue kumtunda kwa Kitwe. Ofufuza oyamba anati anali malita pafupifupi 50 miliyoni. Nsomba zakufa zinaoneka m'mbali mwa mtsinje kufikira makilomita 100 kumunsi, minda ya cimanga ndi mtedza inapserera, ndipo kampani ya madzi ya Nkana inatseka mipope ya mzinda wa Kitwe kwa masiku angapo. Ndege za asilikali zinathira matani mazanamazana a laimu mumtsinje kuti aphe ukali wa asidi. Pulezidenti Hakainde Hichilema anapempha thandizo la akatswiri, ndipo mkulu wa kampaniyo anapepesa pamaso pa nduna za Boma.

Mkangano wa kukula kwa ngoziyo unapitirira caka conseco. Kampani ya ku South Africa ya Drizit, imene inalembedwa nchito yofufuza, inati zotayika zinali zoculuka kwambiri kuposa zimene zinanenedwa poyamba. A Sino-Metals anakana zimenezo nathetsa pangano lao ndi kampaniyo. Mu August 2025 ofesi ya kazembe wa United States inacotsa anchito ake m'dera la Kitwe, pamene Boma linati kupima kwake kunasonyeza kuti ukali wa asidi m'madzi unali utatha. Mu September alimi 176 anakasuma ku Khoti Lalikulu mu Lusaka. Cimene akatswiri onse amadziwa ndi ici: laimu amapha asidi, koma sacotsa zitsulo. Zimenezo zimamira ndi kukhala m'matope, momwe milamba ndi nkhanu zimafunafuna cakudya.

Ngozi ya ku Chambishi sinali yoyamba. Mu November 2006 zinyalala za mgodi wa Konkola Copper Mines ku Chingola zinalowa mu Kafue, ndipo anthu amene anamwa madziwo anadwala. Patapita zaka, anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anakasuma ku England, ndipo mu April 2019 khoti lalikulu koposa la ku London linagamula kuti mlandu wao wotsutsana ndi kampani ya Vedanta, mwini mgodiwo, ukhoza kuzengedwa kumeneko. Mu January 2021 kampaniyo inagwirizana nao zopereka ndalama, popanda kuvomera kulakwa. Cipukuta misozi cimathandiza banja, koma madzi akataika saoleka, ndipo palibe khoti limene linaukitsapo nsomba.

LAMULO LIKHALE LIMODZI

Apa msodzi wa ku Ipusukilo kapena wa pa mlatho wa Mufuchani ali ndi funso loyenera kuyankhidwa. Iye akapezeka ndi thumba la ombwe kapena ndi nsomba khumi mu January, amalandidwa ukonde ndipo akhoza kumangidwa tsiku lomwelo. Nanga amene anapha nsomba za makilomita 100 m'masiku ocepa? Funsoli silimasula msodziyo ku mlandu wake, pakuti dziwe limene iye wapha ndilo likanabwezera mbeu mumtsinje wovulalawo. Koma lamulo limalemekezedwa pamene aliyense aona kuti likuluma wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Bungwe la ZEMA, loyang'anira za cilengedwe, ndi ofesi yoona za citetezo m'migodi ali ndi udindo woyendera madamu a zinyalala mvula isanayambe, osati khoma litagwa kale. Dziko lifuna kopa, ndipo mabanja a ku Migodi amadya za kopa, koma kopa sathiridwa mumphika.

CIYEMBEKEZO CILI KU MWEKERA

Kunja kwa Kitwe, ku Mwekera, kuli malo a Boma ofufuzirako za ulimi wa nsomba. Kumeneko akatswiri a Dipatimenti ya za Nsomba, mothandizana ndi bungwe la WorldFish, anayamba nchito yosankha njinji zokula msanga ndi kuziswanitsa, mbadwo ndi mbadwo, monga momwe mlimi amasankhira mbeu ya cimanga. Colinga ndi cakuti mlimi wa nsomba apeze phindu ndi nsomba ya kwao, asakakamizike kuweta yacilendo. Nchito yotere siitha m'caka cimodzi, ndipo imadalira cinthu cimodzi: kuti njinji yeniyeni, yosasakanizika, ikhale ikupezekabe kwina kwake m'madzi a dziko lino. Ikatha mumtsinje, akatswiri adzasowa poyambira.

Cifukwa cake aliyense ali ndi mbali yake. Wofuna kukumba dziwe la nsomba ayambe wafunsa mlangizi wa za nsomba wa m'boma lake za mtundu woyenera dera lakelo, agule mbeu ku malo odziwika, ndipo asakumbe pamene madzi osefukira amafika. Safunsa anadya phula. Wogwira nkhanu yacilendo aiphike kapena aiphe, koma asainyamule yamoyo kunka nayo ku damu la kwao, ngakhale kumudzi ku Katete kapena ku Petauke, poganiza kuti akucitira abale zabwino. Woona nsomba zambiri zitayandama asazitole ndi kukagulitsa, koma adziwitse a za nsomba, a ZEMA kapena apolisi tsiku lomwelo. Amai ogula ndiwo m'miyezi yotseka afunse kumene nsomba yacokera. Mafumu ndi makhansala a m'mbali mwa mtsinje atsitsimutse mphamvu imene makolo anali nayo, yonena kuti dziwe ili caka cino lipume.

Aphunzitsi ndi makolo nawonso ali ndi nchito. Mwana wobadwira ku Kitwe lero akhoza kukula osaonapo njinji yeniyeni, ndipo munthu sasamala cimene sacidziwa. Kumtengera mwana ku mtsinje kapena ku msika, kumsonyeza madontho atatu a m'nthiti ndi mizere ya kumcira, ndi phunziro losalira ndalama. Kafue wapirira migodi kwa zaka pafupifupi 100, ndipo mvula iliyonse amayesanso kudzaza maudzu ake ndi tiana ta nsomba. Cimene akupempha kwa anthu a ku Migodi ndi miyezi itatu ya mtendere caka ciliconse, makoma olimba pa madamu a zinyalala, ndi kuti asamthirenso kanthu kamene iye sanabadwe nako.